Amene Anselm Ankamuyang'ana

Mliri wa chimfine utafika ku Fort Lee m'chaka cha 1918, udayambira kwa otsuka filimu m'zipinda zamdima, udakwera masitepe n'kugwira osoka zovala, ndipo pomaliza udalowa m'nyumba yagalasi yomwe ankajambuliramo. Anselm Pruett udam'peza atavala malaya a mkaidi, ndevu zomata zili kuchibwano. Adayamba kutsokomola akuseka, ati ndi utsi wa nyali zikuluzikulu zojambulira. Sabata isanathe adamuika m'manda, mbusa akuwerenga mothamanga chifukwa mabokosi ena adali pamzere kudikira.

Kanema amene ankasewerayo adatsala wopanda mathero. Inali nkhani ya munthu woswa miyala amene adamangidwa popanda mlandu, ndipo atakhala zaka kundende adabwerera kwa mkazi wake. Kumangidwa adajambula, za kundende adajambula, ulendo wobwerera adajambula theka. Chidatsala ndi kufika pakhomo, chinthu chomwe anthu amalowera m'holo kuti akachione.

Mkazi weniweni wa Anselm, Lavinia, yemwe apamtima ankamutchula Vinnie, ankagwira ntchito pakampani yomweyo, m'chipinda chodulira filimu. Masiku ano mukafika pamalopo mupeza poimika magalimoto ndi sitolo ya nsapato, ndipo mukafunsa ana a kumeneko za makanema akulozerani ku California, ngati kuti kanema adabadwira padzuwa. Adabadwira kuno, m'matope, pamwamba pa maphompho oyang'ana mtsinje wa Hudson, ndipo azamba ake adali azimayi a m'chipinda chija, omwe maina awo sadalembedwepo pachinsalu. Amuna ankati kudula filimu n'chimodzimodzi kusoka, ndiye ndi ntchito ya akazi. Atazindikira kuti nkhani yonse imapsera m'chipinda chimenecho, adayamba kunena kuti ndi luso, n'kukhala okha pamipandoyo. Koma izo zidadza pambuyo.

Nthawi imeneyo kudalibe makina oonerapo podula. Munthu ankakweza filimu kuwindo n'kumaitsetsereza pakati pa zala, maso ali pa tizithunzi tating'ono ngati chikhadabo. Poyeza utali ankaitambasula kuchokera pamphuno kufika kunsonga ya chala. Polumikiza ankanyambita kumapeto kwake, kupala ndi lezala, kupaka guluu wonunkha ngati nthochi zovunda, n'kupsinja ndi chala chachikulu. Lilime la Lavinia lidazolowera kuwawa kumeneko moti khofi wopanda shuga ankamumva kutsekemera. Zodulidwa zonse zinkaponyedwa mumgolo pakona, ndipo Lachisanu kunkabwera mkulu wina ndi ngolo kudzazitenga, kukaziwiritsa kuti achotsemo siliva.

Atabwerera kuntchito maliro atatha, anzake adamusiyira mpando wapawindo. Asanavale n'komwe magolovesi, adalowa a Thibault, otsogolera kujambula, Mfalansa wandevu zosongoka amene adakulira m'zisudzo za papulatifomu ndipo kamera ankaiona ngati mlendo wongobwera kudzaonerera. Chipewa adachigwirira pamimba.

"Mayi Pruett, ndinapepesa kumanda kuja, ndikupepesanso."

"Ndamva, bwana."

"Eni kampani atumiza mawu. Kuno malasha akusowa, anthu theka ali gone. Akuti tikayambirenso ku California, ndi mwamuna wina."

"Nanga zomwe tajambula kalezi?"

A Thibault adatembenuza chipewa m'manja. Maso awo adangopita pakona pomwe padali mgolo, n'kubwerera kuchipewa.

Gussie Rothermel, yemwe adakhala benchi imodzi ndi Lavinia kuyambira ali atsikana, adaika sizasi patebulo kuti gwa. "Ndiye mumuika kawiri mwamunayu. Koyamba m'dothi, kachiwiri mumphika."

"Gussie, pakamwa pakopo."

"Ndinabadwa napo, bwana. Ngati pali siliva mukapawiritsenso."

Anselm adakhala zaka zambiri ali munthu wakumbuyo: msilikali wakumapeto kwa mzere, woledzera wogona pakhonde, mmodzi wa anthu othawa moto. Makanema amenewo ena adapita kale mumphika, ena adapsa pamene nkhokwe ya kampani idayaka. Chithunzi chaukwati chidalipo, koma Anselm adaseka nthawi yolakwika, nkhope n'kutuluka ngati utsi. Kanema uyu ndiye adali woyamba kumuika patsogolo, ndipo m'zitini zosungira filimu yakezo mokha ndi momwe adatsala akuyenda, akutembenuka, akukanda khutu monga ankachitira akafuna kunama.

"Ndiloleni ndimalize ine," adatero Lavinia.

"Mumaliza ndi ndani? Mwamunayo…" A Thibault adameza mawu otsalawo.

"Mupeze munthu wamapewa ngati ake, avale jekete lija, mumujambule chakumbuyo akuyenda kupita pakhomo. Nkhope ndipeza ine."

"Muipeza kuti? Ine sindijambula mitu yoduka, mayi. Zimenezo ndi za anyamata atsopanowa. Munthu akalowa m'holo amafuna kuona munthu wathunthu, ndi miyendo yomwe."

"Inu simujambula. Iggy amajambula."

Iggy ameneyu, Ignatz Wojcik, wopukusa kamera komanso mnzake wapamtima wa Anselm, adali ndi chizolowezi chomwe a Thibault ankati n'kuononga filimu. Asanayambe kujambula gawo lililonse, ankakokera kamera pafupi ndi nkhope ya wosewera n'kupukusa pang'ono, kuti aone ngati kuwala kwagwa bwino. Tizidutswa timeneti sitidali ta nkhani. Tikatsukidwa n'kuonedwa, tinkapita kumgolo. Koma chifukwa cha mliri mkulu wangolo uja adatha masabata osabwera, ndipo mgolo udadzaza mpaka kusefukira m'mabokosi.

"Wangoloyo akubwera Lachisanu lino, wachira," adatero a Thibault. "Mukandionetsa chinthu chomwe ndingapite nacho kwa eni kampani osachita manyazi, kanemayu apulumuka. Apo ayi, mundikhululukire."

Adakhuthula mgolo pansi, Lavinia ndi Gussie, filimu ili piringupiringu mpaka m'mawondo. Ankatola chidutswa, kuchikweza kuwindo, kuchiponya uko. Miyendo ya kavalo. Khoma lopanda kanthu. Tsitsi la Loretta Quill, mayi wotchuka amene ankasewera ngati mkazi wa woswa miyala, tsitsi lomwe Iggy adaliyesa kuwala kambirimbiri chifukwa mwini wake sankakhutira. Kenako Lavinia adakweza chidutswa china n'kungochiyang'anitsitsa, mkono uli m'mwamba. Gussie adachita kumulanda.

"Ndi iyeyu," adatero Gussie, mawu atatsika. Adachiyendetsa m'zala mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. "Koma iyi ndi nkhope ya munthu wodikira sitima, Vinnie. Sakulira, sakuseka. Uphika chiyani ndi zimenezi?"

Zidalidi choncho. M'tizidutswa tonse tomwe adapeza, Anselm adangokhala phee, kudikira kuti Iggy amalize, maganizo ali kwina. Lavinia adasankha kamodzi kataliko n'kukadula pakati. Theka loyamba adalilumikiza ndi chithunzi cha chitseko chachitsulo cha ndende chikutsekeka. Theka lachiwiri adalilumikiza ndi msewu wotsetsereka wolowera kwawo kwa woswa miyala. Adaitana Iggy, atatuwo n'kukalowa m'kachipinda koonetsera, momwe munkazizira ngati m'manda chifukwa malasha ankawasungira kugalasi.

Nkhope idatuluka pachinsalu, yaikulu kuposa chitseko cha nyumba. Kenako chitseko cha ndende.

"Mayo ine," adatero Gussie, "taonani mantha m'maso mwakemo."

Nkhope kachiwiri, kenako msewu.

"Apa ndiye wapukwa kwawo. Iwe Vinnie, iyi waitenga kuti?"

"Ndi yomwe ija. Ndangoidula pawiri."

Iggy adaseka, koyamba chiikireni mnzake. "Mantha ake ati? Tsiku limenelo nsapato za mkaidi zinkamuthina. Anandiuza kuti ndifulumire chala chisanathothoke."

"Ndiye mantha akewo ndi amenewo, chitsiru iwe," adatero Gussie akupukuta m'maso ndi golovesi.

Patapita zaka, anthu adadzalemba mabuku onena za chinthu chimenechi, kuchipatsa maina aatali, kukanganirana kuti adachiyamba ndani. Lavinia sadachipatse dzina. Adangoona kuti munthu akaonetsedwa nkhope, kenako n'kuonetsedwa chinthu, amasoka yekha ulusi pakati pa ziwirizo, ndipo amalumbira kuti ulusiwo wauona ndi maso.

Munthu wamapewa adam'peza pakati pa akalipentala. Adamuveka jekete la woswa miyala, n'kumuimika pamsewu wakumbuyo kwa nyumba yagalasi, mphepo yochokera kumtsinje ikulasa m'mafupa. A Thibault adati ayende, iye n'kuyenda ngati wapita kukatenga misomali.

"Ayi, achimwene," adatero Lavinia, yemwe adali asanaimepo kumbuyo kwa kamera chiyambire ntchito. "Musaponde ngati mwatumidwa. Phewa lamanzere ligwe pang'ono. Dzanja likhale ngati limafuna kulowa m'thumba koma laiwala."

"Chonchi, mayi?"

"Mwaonjeza. Sanali wopunduka."

Adabwereza, kubwereza, mpaka ulendo wina kalipentala uja adaiwala zomwe adauzidwa n'kungoyenda, phewa lili pomwe liyenera kukhala. Lavinia adatembenuka n'kuyang'ana khoma la nyumba yagalasi kufikira Iggy atasiya kupukusa.

Loretta Quill adaoloka mtsinje kuchokera ku New York m'mawa mwake, pakamwa atamanga kansalu konunkhira mankhwala. Sadali munthu woipa. Adali munthu amene adauzidwa kuyambira ali mwana kuti chipinda chimawala iye akalowa, ndipo adakhulupirira monga mwana aliyense akadakhulupirira. Adamuimika pachitseko cha nyumba yamatabwa, kamera ili pafupi ndi nkhope yake.

"Ndiye nditsegule, ndiyang'ane ndani? Kalipentala?"

"Muyang'ane pamwamba pa kamera pang'ono, mayi, chakumanja," adatero Lavinia. "Anali wamtali."

Loretta adamuyang'ana kanthawi, n'kuchotsa kansalu kaja. Adatsegula chitseko, adakweza maso pamalo opanda munthu, dzanja lidapita lokha pakhosi, ndipo misozi idatsika yeniyeni. Ntchito yake ankaidziwa.

Lachinayi masana Lavinia adaonetsa a Thibault zomwe adalumikiza. Mkuluyo adakhala atakulunga miyendo m'bulangete, osatsokomola n'komwe. Woswa miyala adatuluka kundende, adayang'ana msewu, adayenda, phewa litagwa, adafika pampanda, adagwira chitseko chapampandapo ndi dzanja la kalipentala. Loretta adatsegula. Kenako nkhope ya Anselm.

Nyali itayatsidwa, a Thibault adatembenukira kwa Lavinia.

"Konseko mwandinyenga, mayi, ndipo ndavomera kunyengedwa. Sindikudziwa kuti mwachita bwanji. Koma apa pomalizapa ayi. Munthu wavutika zaka kundende, wafika pakhomo, mkazi wamutsegulira akulira, iye akumuyang'ana ngati wabwera kudzagulitsa malasha. Anthu akaseka. Ndipo sindingalole kuti mwamuna wanu akasekedwe."

Lavinia sadatsutse. Adali atayesa nkhope zonse zomwe zidatuluka mumgolo, imodziimodzi. Nkhope yopanda kanthu inkalandira mantha, inkalandira kutopa, inkalandira ngakhale mkwiyo. Koma ikaikidwa pafupi ndi misozi ya Loretta inkangokhala monga idaliri, ya munthu amene nsapato zikumuthina.

Adabwerera kubenchi yake n'kukhala, manja ali pamiyendo. Azimayi ena adali ataweruka, padatsala Gussie yekha akudya buledi ndi soseji yozizira, osafuna kumusiya. Dzuwa lidali litapendeka pamene Iggy adaima pakhomo, akutembenuzatembenuza kachitini kakang'ono m'manja.

"Alamu, ndili ndi kanthu kanu."

"Lowani, Iggy."

"Ndimafuna ndidzakupatseni misozi ikadzauma, mwina chaka chamawa. Sindinakaponye kumgolo. Mukukumbuka tsiku lija anaiwala mpango wake wapakhosi, inu n'kubwera nawo kugalasi? Munalowera chitseko cha kumbuyo kwanga. Ine ndinali ndikuyesa kuwala."

Lavinia adatsegula kachitini, adavala magolovesi, n'kukweza filimuyo kuwindo.

Tizithunzi toyambirira tidali ta nkhope yomwe ija, yodikira. Kenako maso adachoka pakamera n'kupita chakumanzere pang'ono. Zikope zidakwera. Makwinya apamphumi adamasuka, limodzi, linzake, ndipo nkhope yonse idayamba kutseguka pang'onopang'ono ngati nyumba yomwe munthu walowamo ndi nyali. Sikudali kumwetulira, kumwetulira kudali kusanafike. Idali nkhope ya munthu amene waona chinthu chake pamalo pomwe samachiyembekezera. Chakumunsi, mano akumwamba adagwira mlomo wam'munsi, kuyamba kutchula dzina. Kenako kuchokera pambali kudalowa chinthu chakuda, phewa ndi chipewa cha mzimayi, chidakula, n'kumuphimba.

Tsiku limenelo Lavinia nkhope imeneyo sadaione. Adalowa akukalipa za mpango, kuti munthu wamkulu ngati iye angaiwale bwanji chinthu chopachika pachitseko penipeni, maso ali pansi kuopa kukodwa ndi zingwe zamagetsi. Adamukoleka mpangowo m'khosi n'kutuluka mothamanga, chifukwa guluu adamusiya wosatseka.

Adaiyendetsanso m'zala kuyambira poyamba. Kenako maso ake adapita pa sizasi.

"Usayerekeze," adatero Gussie, atasiya buledi. "Ndakuona maso, Vinnie. Usayerekeze."

"Ikukwana. Akuyang'ana mbali yoyenera."

"Ndikudziwa kuti ikukwana, sindine mwana. Kampani yatenga miyendo yake, yatenga mapewa, jekete yaveka kalipentala. Ichi chokha n'chako. Ukachiika mmenemo akhala akuyang'ana Loretta mpaka Yesu adzabwere."

"Ndikachiika m'thumba, mawa amuwiritsa yense."

"Amuwiritse! Iwe utsala ndi ichi."

"Nditsala ndi kachingwe koonera pawindo. M'zala zangazi saphethira, Gussie. Sapuma. Ine ndikufuna ayende."

Gussie adatembenukira kwa Iggy. "Iwenso, mutu ngati chitini chakocho, sukanadikira Loweruka?"

"Ndinamva zomwe anena a Thibault," adatero Iggy, maso ali pansi. "Ndinaona kuti ndikabisa, ndiye kuti ndawasankhira. Ine ndapereka kwa alamu, osati kwa kampani. Zomwe achite nako ndi zawo."

Adatuluka. Gussie adakhala pang'ono, kenako adaimirira, adakokera nyali pafupi ndi mnzake ngakhale kunja kudali kukadawala, n'kukaima pakhomo atafulatira.

Anthu a m'maholo a masiku amenewo adali akatswiri owerenga milomo, poti makanema adalibe mawu. Mwamuna akatchula Vinnie pomwe mkazi wa m'nkhaniyo ali ndi dzina lina, mzere wakutsogolo wonse ukadadziwa. Lavinia adatsata tizithunzi ndi nsonga ya sizasi mpaka pomwe mano ankayandikira mlomo, adabwerera kamodzi, n'kudula. Kulumikiza kulikonse kumadya kachithunzi kamodzi, pakuti mbali imodzi iyenera kupalidwa kuti guluu agwire. Adanyambita nkhope yomalizayo, yomwe idali yowala kuposa zonse, n'kuipala ndi lezala mpaka padatsala poyera. Adapaka guluu, adaikapo Loretta, n'kupsinja ndi chala.

Chotsalacho adachikweza kuwindo asanachiike m'thumba. Mudali tizithunzi towerengeka ta mlomo ukuyamba dzina, kenako msana wake womwe, wakuda, utatseka zonse.

Lachisanu m'mawa ngolo ya siliva idaima panja, kavalo akutuluka nthunzi m'mphuno. M'kachipinda koonetsera mudali a Thibault, Iggy, Gussie, ndi Loretta, yemwe adaolokanso mtsinje kudzadziona. Lavinia adakhala kumbuyo. Chitseko chidatseguka pachinsalu, Loretta adakweza maso, dzanja pakhosi. Kenako Anselm, nkhope yodikira ija, maso akusuntha, zikope zikukwera, nyali ikulowa m'nyumba. Kenako Loretta, misozi ili mbwee.

A Thibault adatulutsa kansalu n'kumina mwaphokoso.

"Kamuuzeni wangoloyo atenge za mumgolo zokha," adatero. "Zitini asakhudze." Adatembenuka kufunafuna Lavinia mumdima. "Mayi Pruett, ine ndakalamba m'ntchito imeneyi, ndipo wosewera sanandiyang'anirepo mkazi chonchi. Mwamuna wanu anali wamkulu kuposa momwe tinkamuonera. Eni kampani ndikawauza kuti tinajambula asanadwale. Anthu sakonda kudziwa kuti alirira zigamba."

M'khonde, Loretta adamudikira. Adali atavula magolovesi ake achikopa, ndipo adagwira manja onse awiri a Lavinia, omwe adali othimbirira ndi guluu.

"Mayi Pruett, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, sindinkadziwa."

"Simunkadziwa chiyani, mayi?"

"Iggy akamayesa kuwala, ine ndinkakonda kuima pambali pa kamera, kudikira nthawi yanga. Sindinakweze maso ngakhale tsiku limodzi. Sanandiuzepo kanthu, sanandigwirepo ngakhale chala kunja kwa sewero, ndikhulupirireni. Anali munthu waulemu. Anazisunga mumtima mpaka kumanda, ndipo inu ndi amene mwazipeza, ndi manja anu. Ine sindikadatha. Mundikhululukire."

"Ankayang'ana ine," adatero Lavinia. Mawu adatuluka ouma, aang'ono. "Ndinamubweretsera mpango. Ndinalowera chitseko chakumbuyo."

Loretta adamuyang'ana ndi chisoni chachikulu, chisoni chenicheni, n'kumusisita dzanja monga amachitira ndi wodwala.

"Inde, mayi. Inde. Muzitero."

Lavinia adafika nalo dzanja pathumba. Akadatulutsa chotsala chija, akadaonetsa chiyani? Msana wa mzimayi wovala chipewa chakuda, chonga zipewa zonse za m'tauni imeneyo chaka cha maliro. Adalibweza dzanjalo.

Nkhani idaoloka mtsinje kanema asanaoloke. Loretta sadaifalitse mwankhanza, adangoiuza mnzake mmodzi akulira, ndipo mnzakeyo adali ndi anzake. Pofika nthawi yoonetsa, New York yense ankadziwa za wosewera amene adafa akukonda mwachinsinsi mkazi wosewera naye, ndipo anthu ankaima pamzere m'chisanu kuti akaone okha. Kampani idasamuka chisanu chisanathe. Gussie adapita nayo, atachonderera mnzake mpaka mawu kusasa. Iggy adapitanso. Nyumba yagalasi idatsala ikusweka pagalasi limodzilimodzi, ana a m'tauni akuyeserapo miyala.

Lavinia adadikira kuti mizere ichepe. Tsiku lina masana adakwera boti, adaoloka, n'kukalowa m'holo ina yaing'ono momwe kanemayo adali atatsala pang'ono kuchotsedwa. Anthu adalimo ochepa, woimba piyano akuodzera pakati pa nyimbo. Tsiku la mpango lija adalowera kumanzere kwa kamera, choncho adasankha mpando wakumanzere, m'mbali mwa kanjira. Adaonera kumangidwa, adaonera ndende, adaonera kalipentala akuyenda. Chitseko chitatseguka adakhala tsonga.

Maso a Anselm adasuntha, zikope zidakwera. Adayang'ana pambali pake pang'ono, pampando wopanda munthu.

Kumbuyo kwake mayi wina adanong'oneza mnzake. "Wamuona? Zimenezo sasewera, mwali. Ankamukondadi. Akuti anali ndi mkazi kunyumba."

"Ndiye mkaziyo asadzabwere kudzaona zimenezi."

Kanema atatha Lavinia sadatuluke. Adasunthira pampando uja wopanda munthu n'kudikira kuti ayambirenso. Ulendo wachiwiri maso adasuntha, zikope zidakwera, ndipo adagweranso pambali pake, chakumanzere pang'ono. Adasunthanso, mpaka kumpando womaliza wogundana ndi khoma, pomwe chinsalu chinkaoneka chopendekeka ndipo nkhope zinkatalika. Mayi woonetsa anthu pokhala adabwera ndi tochi yake.

"Mayi, pamenepo simuona bwino. Pakatipa mipando ilipo yambiri."

"Ndili bwino pompano."

Woswa miyala adatsika msewu kachitatu, phewa litagwa. Chitseko chidatseguka. Anselm adakweza maso n'kuyang'ana pakhoma, pafupi kwambiri ndi phewa lake, nkhope ikutseguka, mlomo utatsala pang'ono kusuntha. Lavinia adatsamira kukhomako mpaka tsaya lidakhudza pulasitala wozizira. Pachinsalu padabwera Loretta.